Mwana akutsokomola: kodi tikamugulire amoxicillin?

Mayi wina watilembera motere: "Mwana wanga wa zaka 2 ndi miyezi 3 wakhala akutsokomola kwa masiku 9 tsopano. Masiku oyamba thupi linkatentha, koma kutenthako kunasiya. Chatsala ndi chifuwa chimene chimalira m'kati ngati muli madzi, makamaka usiku. Ndinapita naye kuchipatala chaching'ono cha kwathu kuno, anamuyeza malungo osamupeza nawo, anamumvetsera pachifuwa, kenako anangondipatsa Panado n'kunena kuti ndi chimfine. Apongozi anga akuti adokotalawo anamumana mankhwala mwanayo, ndipo bambo ake akufuna kukagula amoxicillin pagolosale. Ine ndasowa pogwira. Nditani?"

Mayi, zikomo chifukwa chofunsa musanagule mankhwalawo. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikuona kuti amene anamuona mwana wanu kuchipatalako sanalakwitse, ndipo sindingakulangizeni kukagula amoxicillin pagolosale. Koma sindikufuna kuti mungokhulupirira mawu anga pamene mwanayo sindinamuone ndi maso, chifukwa matenda a m'chifuwa mwa ana amatha kusintha pakati pa m'mawa ndi madzulo. Chimene ndikufuna ndi kukusiyirani njira yoti inuyo, bambo a mwanayo ndi apongozi anu muzitha kuona nokha ngati chifuwacho ndi chongodikira kuti chithe kapena ndi chofunika kubwerera nacho kuchipatala lero lomwe.

Nkhawa ya apongozi anu si yoti muinyoze. Amayi a msinkhu wawo anaona ana akumwalira ndi chibayo, ndipo anaonanso ana ena akudzuka atabayidwa jakisoni wa penisilini, choncho akamva chifuwa chikulira mwa mdzukulu wawo amakumbukira zimenezo. Chibayo chikuphabe ana ambiri: bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2019 chinapha ana oposa 740,000 osakwana zaka 5 padziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo anali a kuno ku Africa ndi kumwera kwa Asia. Pamene tikusiyana nawo agogowo ndi pa chizindikiro chimene akuyang'ana. Iwo akumvetsera kulira kwa chifuwa, pamene ife kuchipatala timayang'ana kapumidwe ka mwana. Chifuwa chikhoza kulira kwambiri mwa mwana amene mapapo ake ali bwinobwino, chifukwa mwana wamng'ono sadziwa kulavula, ndipo mamina ndi makhololo amangosungika kukhosi n'kumamveka ngati ali pansi pa chifuwa. Komanso mwana wa chibayo choopsa akhoza kutsokomola pang'ono chabe, uku akupuma mothamanga ngati wangochokera kothamanga.

Njira yake ndi iyi, ndipo ndi yomweyo imene alangizi a zaumoyo amagwiritsa ntchito m'makiliniki a m'midzi. Dikirani mwana akhale phee, kaya ali m'tulo kaya wakhala pamiyendo panu osalira, osayamwa ndiponso osadya. Mukwezeni malaya kuti muone mimba ndi chifuwa, tengani foni kapena wotchi, ndipo muwerenge kuti mimbayo yakwera kangati pa mphindi imodzi yathunthu. Kukwera ndi kutsika n'kupuma kumodzi. Musawerenge kwa masekondi ochepa n'kuchulukitsa, chifukwa ana amapuma modukizadukiza, ndipo mukakayika bwerezani kachiwiri. Mwana wa msinkhu wa wanuyu, kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 5, akamapuma ka 40 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi ndiye kuti akupuma mothamanga. Kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11 malire ake ndi 50, ndipo kwa khanda losakwana miyezi 2 ndi 60. Thupi likatentha kwambiri kupuma kumathamanganso, choncho ndi bwino kuwerenganso kutentha kukatsika mutamupatsa Panado. Koma chiwerengerocho chikakhalabe pamwamba, musadikire mawa.

Chachiwiri choti muyang'ane ndi m'munsi mwa nthiti. Mwana wabwinobwino akamakoka mpweya, chifuwa ndi mimba zimatukuka pamodzi. Mwana amene mapapo ake auma ndi matenda amakoka mpweya ndi mphamvu, ndipo m'munsi mwa chifuwa mumalowa m'kati pa nthawi imene akukoka mpweyawo, n'kupanga kadzenje kooneka bwino ngakhale muli chapatali. Zimenezi zikamachitika nthawi zonse mwana ali phee, osati pongolira pokha, ndi chizindikiro cha chibayo. Pali zizindikiro zinanso zimene sizifuna n'komwe kuwerenga kapena kufunsa munthu: mwana akakana kuyamwa kapena kumwa chilichonse, akamasanza zonse zimene wamwa, akakomoka, akalefuka moti mukamudzutsa sakudzuka bwino, akamalira mokhwekhwereza pokoka mpweya ali phee, akamabuula pa kupuma kulikonse, kapena milomo ndi lilime zikada, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Mwana wotere safunika kapisozi wa pagolosale. Amafunika kugonekedwa, jakisoni, ndipo nthawi zambiri mpweya wa okosijeni. Kuchipatala amamuika kachipangizo pachala kapena pachala cha kumwendo, ndipo kakasonyeza pansi pa 90 ndiye kuti magazi ake alibe mpweya wokwanira.

Tsopano tibwere kwa mwana wanu. Thupi linasiya kutentha, malungo sanapezeke, ndipo simunatchule kupuma mothamanga. Ngati akudya, akusewera masana, ndipo mukawerenga mukupeza 28 kapena 32, chimene ali nacho ndi chifuwa chotsalira pambuyo pa chimfine. Makolo ambiri amadabwa ndikawauza kuti chifuwa chotere chimatenga nthawi yaitali kuposa mmene amaganizira. Kutentha thupi kumatha m'masiku atatu kapena anayi, mamina amatha pakapita mlungu umodzi kapena kuposerapo pang'ono, koma chifuwa chimatha kukhala milungu iwiri, mwa ana ena mpaka itatu, chifukwa njira za mpweya zimene zinasupuka ndi matendawo zimatenga nthawi kuti zipole. Usiku chimakula chifukwa mwana akagona mamina amatsikira kukhosi. Tsiku la 9 silikusonyeza kuti mwana anamanidwa mankhwala. Likusonyeza kuti matendawo akuyenda mwa nthawi yake.

Chifukwa chake amoxicillin sangathandize pa chifuwa chotere n'chakuti mankhwalawa amapha mabakiteriya okha. Amagwira ntchito poswa khoma limene bakiteriya amadzimangira, moti kachilomboko kamaphulika. Chimfine ndi zifuwa zambiri za ana zimabwera ndi mavairasi, ndipo vairasi alibe khoma loterolo, choncho mankhwalawo amangodutsa m'thupi osapeza chogwira. Ngakhale mwa ana odwala kwambiri mavairasi ndiwo ambiri: kafukufuku wamkulu wotchedwa PERCH, amene anachitika m'mayiko 7 kuphatikizapo Zambia, Kenya ndi South Africa ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anapeza kuti mwa ana ogonekedwa ndi chibayo choopsa, pafupifupi 6 mwa 10 anadwala chifukwa cha mavairasi, ndipo vairasi mmodzi wotchedwa RSV yekha anali kumbuyo kwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a matendawo. Ana ogonekedwawo amapatsidwabe maantibayotiki, omwe ndi mankhwala opha mabakiteriya ngati amoxicillin, ndipo n'koyenera, chifukwa mwana akafika poteropo palibe nthawi yodikira kuti tidziwe kachilombo kake. Koma ngati zili choncho kwa ana ogonekedwa, kwa mwana amene akungotsokomola uku akuthamanga pabwalo mwayi woti ndi bakiteriya ndi wochepa kwambiri.

Funso lenileni lanulo linayesedwapo. Ku England madokotala anatenga ana 432 a miyezi 6 mpaka zaka 12 amene anali ndi chifuwa cha m'kati koma osaganiziridwa chibayo, ena n'kuwapatsa amoxicillin kwa masiku 7, ena n'kuwapatsa madzi ofanana nawo maonekedwe koma opanda mankhwala. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2021, zinasonyeza kuti ana omwa amoxicillin anavutika pafupifupi masiku 5 ndipo enawo masiku 6, kusiyana kochepa kotero kuti sikungatsimikizidwe kuti kunabwera ndi mankhwalawo. Ngakhale ana amene anali ndi makhololo kapena chifuwa cholira, ngati cha mwana wanu, sanaoneke kuti apindula mwapadera.

Wina anganene kuti ana a ku England si ana athu, popeza kuno kuli malungo, kunyentchera, HIV ndi zipatala zakutali, ndipo akunena zoona. N'chifukwa chake ndimakonda kutchula kafukufuku amene anachitika kuno kwathu ku Lilongwe, pa zipatala za Bwaila ndi Kamuzu Central, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2019. Kumeneko anatenga ana oposa 1,000 a miyezi 2 mpaka 59, opanda HIV, amene anali kale ndi kupuma kothamanga, ndipo ena anamwa amoxicillin pamene ena anamwa mapiritsi opanda mankhwala, onse akuyang'aniridwa mosamala. Pofika tsiku lachinayi, mwa ana 100 aliwonse omwa amoxicillin 4 sanapeze bwino, pamene mwa ana 100 osamwa mankhwala 7 sanapeze bwino. Zotsatirazi zikutiuza zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzigwira pamodzi. Choyamba, mwana akayamba kupuma mothamanga amoxicillin amathandizadi, ndipo n'chifukwa chake malangizo a zipatala zathu amati mwana wotere apatsidwe mankhwalawa. Ine ndimapereka mosazengereza. Chachiwiri, ngakhale pakati pa ana opuma mothamangawo ambiri anachira okha, moti panafunika kupatsa mankhwala ana pafupifupi 33 kuti mmodzi apindule. Mwana amene sakupuma mothamanga n'komwe ali kutali kwambiri ndi phindu limeneli.

Bambo a mwanayu mwina akuganiza kuti ngakhale mankhwalawo asathandize, sangapweteke. Pamenepa ndi pamene ndimafuna kukhalitsa ndi makolo, chifukwa maganizo amenewa ndi ofala ndipo amachokera m'chikondi. Amoxicillin amapha mabakiteriya abwino a m'matumbo pamodzi ndi oipa, ndipo ana ambiri amatsegula m'mimba akamamwa. Mwana amene wangochoka m'matenda, wosadya bwino, kumuwonjezera kutsegula m'mimba n'kumubweza m'mbuyo. Ena amatuluka zidzolo thupi lonse, ndipo ochepa amatupa nkhope ndi kukhosi n'kubanika, zomwe zingaphe ngati muli kutali ndi chipatala. Pali vuto linanso limene limationekera ife kuchipatala. Mankhwala ogula pagolosale amabisa matenda popanda kuwachiritsa, ndipo amachedwetsa ulendo wa kuchipatala, chifukwa banja limati tidikire kaye tione mmene mankhwalawa agwirire. Ndimakumbukira mwana wina wa chaka chimodzi ndi theka amene anabwera naye mayi ake m'bandakucha, atamubereka kumbuyo m'chitenje chonyowa ndi thukuta. M'kathumba ka pulasitiki munali makapisozi awiri otsala mwa asanu ndi limodzi amene anagula, ndipo mayiyo anandionetsa mmene ankatsegulira kapisozi n'kugawa ufawo pakati ndi msonga ya mpeni, theka m'mawa theka madzulo, m'supuni ya phala. Anachita zonse mosamala ndi mwachikondi kwa masiku anayi, koma mlingowo unali wochepa kwambiri, ndipo pamene ankafika nthiti za mwanayo zinali zikulowa m'kati. Anachira atakhala masiku angapo pa okosijeni, koma akanabwera tsiku loyamba la kupuma mothamanga akanangomwa mapiritsi kunyumba.

Nkhani ya mlingo ndi yofunika kuimvetsa. Mwana wa msinkhu wa wanuyu akapezeka ndi chibayo, mlingo umene World Health Organization imalangiza ndi mapiritsi 2 osungunuka m'madzi a 250 mg m'mawa ndi ena 2 madzulo, nthawi zambiri kwa masiku 5, kutanthauza mapiritsi 20, ndipo wachipatala amayamba wamuika pasikelo kuti atsimikize. Sindikutchula zimenezi kuti mukagule nokha, koma kuti muone kusiyana kwake ndi makapisozi anayi kapena asanu ndi limodzi amene munthu amagula malinga ndi ndalama imene ili m'thumba, osadziwika kumene anachokera, atakhala padzuwa pashelefu miyezi ingapo. Malamulo a dziko lino salola kuti maantibayotiki azigulitsidwa m'magolosale kapena pamsika, ndipo bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndilo limayang'anira zimenezi, ngakhale tonse tikudziwa kuti amapezekabe.

Mlingo woperewera ndiwo umaphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala. Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini mu 1928, anachenjeza za zimenezi polandira mphoto ya Nobel mu 1945, ndipo ife tikuziona ndi maso. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akuyeza tizilombo topezeka m'magazi a odwala kuyambira mu 1998, ndipo zaka zimenezi zasonyeza kuti tizilombo tambiri timene kale tinkafa ndi mankhwala wamba monga ampicillin, Bactrim ndi chloramphenicol tinasiya kuwamva, ndipo tina tayamba kukana ngakhale jakisoni wa ceftriaxone amene timadalira m'mawodi. Nkhaniyi si ya dziko lokha ayi, ndi ya mwana wanu yemweyo: tizilombo timene timakhala m'mphuno ndi m'matumbo mwake tikazolowera amoxicillin lero pa chimfine, mankhwalawo akhoza kudzafooka tsiku limene adzadwaledi chibayo.

Pali ana ena amene sindingawauze makolo awo kuti adikire monga ndikukuuzirani inu. Khanda losakwana miyezi 2 likatsokomola, likatentha thupi kapena likazizira mosadziwika bwino, lipite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale likuoneka bwino. Mwana wonyentchera kapena wotupa mapazi, mwana amene ali ndi HIV kapena wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV, mwana wa vuto la mtima kapena la magazi la sickle cell, ndi mwana amene wangodwala chikuku, onsewa chibayo chimawagwira msanga ndipo zizindikiro zake zimatha kubisika, choncho wachipatala amafulumira kuwapatsa mankhwala. Mwana amene amamwa Bactrim tsiku ndi tsiku chifukwa cha HIV asasiye mankhwalawo chifukwa cha zimene ndalemba pano, popeza amenewo ndi omuteteza ndipo anapatsidwa pa chifukwa china. Ngati mwana wanu ali m'gulu limodzi mwa amenewa ndipo simunawauze achipatala, bwererani mukawauze.

Masiku 9 amene mwatchula ali ndi tanthauzo linanso. Chifuwa chikafika masiku 14 osasintha, bwererani naye kuchipatala ngakhale akupuma bwino, ndipo musapite kukapempha amoxicillin koma kukafufuza chifukwa chake. Choyamba chimene timaganizira ndi chifuwa chachikulu cha TB, makamaka ngati pakhomo pali wamkulu amene akutsokomola nthawi yaitali kapena akumwa mankhwala a TB, ngati mwana akutsika sikelo, kapena thupi likutenthatentha madzulo. TB siichira ndi amoxicillin, ndipo ana ambiri amachedwa kupezeka nayo chifukwa chomwa mankhwala amenewa kangapo konse. Chachiwiri ndi mphumu, makamaka ngati chifuwacho chimabwerabwera, chimakula usiku kapena m'nyengo yozizira ya June ndi July, ndipo mwana amalira ngati kaliwiro potulutsa mpweya. Mankhwala ake ndi opopera a salbutamol, amene mwana wamng'ono amapumira kudzera m'botolo la pulasitiki lobooledwa. Ndimafunsanso nthawi zonse ngati chifuwacho chinayamba mwadzidzidzi mwana akudya mtedza kapena chimanga chokazinga, chifukwa kanjere kakalowa m'njira ya mpweya kamatsokomoletsa milungu yambiri.

Pakadali pano pali zambiri zoti muchite, ndipo ndi bwino apongozi anu atengepo mbali, chifukwa chimene chimawapweteka ndi kuona ngati mwana wangosiyidwa. Mupatseni zakumwa pafupipafupi ndi chakudya pang'onopang'ono koma kangapo patsiku, ndipo ngati akuyamwabe apitirize. Supuni yaing'ono ya uchi asanagone imafewetsa kukhosi ndi kuchepetsa chifuwa cha usiku. Mwana wanu ndi wamkulu mokwanira, koma uchi sapatsidwa mwana wosakwana chaka chimodzi. Madzi ofunda a mandimu nawonso ndi abwino. Panado mupatseni pokhapokha thupi likatentha kapena akamva kupweteka, pa mlingo umene anakuuzani. Mankhwala a chifuwa a m'mabotolo ogula m'masitolo sindiwalangiza kwa mwana wa msinkhu umenewu, chifukwa sachiritsa ndipo ena amagonetsa mwana moti simungazindikire ngati akulefuka. Koposa zonse, mutalikitseni ndi utsi: asakhale kumbuyo kwanu pamene mukuphika pa nkhuni m'khitchini yotsekeka, mbaula isalowe m'chipinda chogona ngakhale kuzizire bwanji, ndipo wosuta fodya asutire kutali ndi nyumba.

Tsegulaninso buku lake la kusikelo muone ngati katemera yense analandira. Malawi anayamba kupereka katemera woteteza ku kachilombo ka Hib mu 2002 ndi wa PCV woteteza ku pneumococcus mu November 2011, ndipo tizilombo tiwiriti ndito tinkayambitsa chibayo choopsa cha mabakiteriya mwa ana ambiri. Mwana amene analandira katemerayu katatu, pamodzi ndi wa chikuku, ali ndi chitetezo chimene ana a m'nthawi ya apongozi anu analibe, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene wachipatala wa lero angathe kunena molimba mtima kuti tidikire.

Madzulo ano mwana akagona, itanani bambo ake ndi agogo ake, mmodzi agwire foni, wina awerenge, ndipo mulembe chiwerengerocho kuseri kwa buku la kuchipatala pamodzi ndi tsiku lake. Muchite chimodzimodzi mawa m'mawa ndi madzulo. Chikafika 40, nthiti zikayamba kulowa m'kati, thupi likatenthanso pambuyo poti linazizira, kapena akasiya kudya ndi kusewera, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndi bukulo m'manja, muwaonetse zimene munalemba, ndipo mupemphe kuti amuwerengenso kapumidwe inu mukuona. Akakupatsani amoxicillin pamenepo, mumwetseni pa mlingo ndi masiku onse amene akuuzani ngakhale aoneke kuti wachira pa tsiku lachiwiri, musasungeko ena kuti adzamwe m'bale wake, ndipo ngati pakapita masiku awiri kapumidwe sikanasinthe, bwererani naye.